Pangano la Boma ndi Makolo: Wosayina Ndani, Wolipira Ndani?

 

Nkhani yathu lero ndi pepala. Pepala limene kholo limasayina kapena kudinda chala, kulonjeza kuti mwana wake sadzajomba kusukulu ndipo adzakhala wa khalidwe labwino. Nthawi zina silikhala pepala n'komwe. Amangogwirizana pabwalo la mfumu, onse n'kuwomba m'manja, mlembi n'kulemba m'kope. Koma mphamvu yake ndi imodzimodzi: mwana akajomba, kholo liyankhe mlandu. Tiyankhula kwambiri za ku Thyolo, chifukwa kumeneko ndi kumene nkhaniyi ikuoneka bwino mafupa ake, komanso chifukwa Thyolo ndi pakhomo pa Blantyre pomwepa. Tiyi amene tamwa m'mawa uno mwina wachokera komweko.

Tiyambe ndi pamene zinachokera. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anakhamukira kusukulu. Chiwerengero chinachoka pa ana pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linawonjezera kuti pulayimale ya boma si yaulere chabe, ndi yokakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Chabwino. Koma boma lilibe wapolisi woti aziima pakhomo lililonse m'mawa kuwerenga ana. Ndiye ntchito yokakamizayo inagwera mafumu, makomiti a sukulu, ma PTA ndi amayi a Mother Group. Apa ndi pamene panabadwira malamulo a m'midzi, amene ambiri timangowatchula kuti ma by-law. Maofesi a boma m'maboma ndi mabungwe akhala akuwalimbikitsa kwa zaka zambiri. Mwana akapezeka pakhomo kapena pamsika nthawi ya sukulu, kholo lilipire nkhuku, mbuzi kapena ndalama, mwinanso likagwire ntchito ya chitukuko. M'madera ena a m'chigawo chapakati mpaka Gule Wamkulu amatuluka m'mawa kuperekeza ana kusukulu.

Tisanayambe kudzudzula, tinene zoona zake: malamulo amenewa apulumutsa atsikana. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anasonkhanitsa mafumu awo ang'onoang'ono okwana 50 n'kuwasayinitsa mgwirizano wothetsa maukwati a ana. M'zaka zochepa maukwati oposa 850 anathetsedwa, ana n'kubwerera m'kalasi. Mafumu amene anapitiriza kuvomereza maukwati otere anaimitsidwa paufumu. M'dziko limene kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, imeneyo si ntchito yaing'ono ayi. Koma taonani bwino amene anagwira cholembera pamenepo. Anali mafumu. Anthu amphamvu ndi amene anamangidwa ndi pangano, ndipo ataliphwanya, chilango chinagwera iwo. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Tsopano tiyeni ku Thyolo.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 720,000 m'bomali. Mukamayenda pamsewu wochokera ku Limbe kudutsa Bvumbwe, maso amadya bwino: tiyi wobiriwira mpaka kuseri kwa phiri, Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi, malo ojambulirako zithunzi za ukwati. Koma malo abwino ambiri anapita kumaesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda, nthawi ya thangata, ndipo mabanja ambiri anatsala ndi kamunda koti chimanga chake sichifika chaka. Nthochi za ku Thekerani ndi madera oyandikira, zimene zinaphunzitsa ana ambiri, zinasakazidwa ndi matenda a chisaka. Ndiye chotsala n'chiyani? Ganyu, geni, ndi kuthyola tiyi.

Tiyi amaphuka kwambiri ndi mvula, kuyambira cha mu December mpaka April. Ndi nthawi imene maesiteti amalemba anthu ambiri a kanthawi kochepa, ndipo chimene munthu atenge chimadalira makilo amene afika pasikelo. Miyezi yomweyo ndi miyezi ya njala, nkhokwe ili mbee, chimanga chakwera mtengo pamsika. Miyezi yomweyonso ndi pakati penipeni pa chaka cha sukulu. Zinthu zitatuzi zimakumana pakhomo limodzi, tsiku limodzi.

Tiyerekeze mayi wa ana atatu. Amadzuka kusanache, dengu kumsana, ulendo wa kumunda wa tiyi, chifukwa kapitawo sadikira munthu. Pakhomo patsala mwana wa zaka 12 amene ali Sitandade 5, mng'ono wake wa zaka 7, ndi wina woyamba kumene kuyenda. Adzutse ana ndani? Atunge madzi ndani? Kamwanako akabereke ndani? Yankho mukulidziwa kale. Si mnyamata. Maesiteti ena ali ndi malo osungirako ana, masukulu ndi zipatala zawo, zimenezo sitikukana. Koma mayi wolembedwa miyezi ingapo, wochokera m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, si nthawi zonse angafike ndi mwana kumeneko. Ndiye mtsikana uja wajomba Lolemba, wajomba Lachitatu, wajombanso tsiku la msika chifukwa pakufunika wina akagulitse mapeyala. Dzina lake lafika kwa mfumu. Mayi aitanidwa kubwalo, ataya tsiku la ntchito, ndipo alipitsidwa nkhuku. Nkhuku imeneyo mwina ndi imene akanagulitsa kuti agule makope.

Ndipo musaganize kuti mayi ameneyu angangouza kapitawo kuti "bwana, ndichedwa pang'ono, ndiyambe ndaperekeza ana." Kumbukirani kuti mu February 2021 kampani ya ku UK ya Camellia, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inavomera kutulutsa mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo zolipira maloya, pofuna kutseka mlandu wa amayi 36 amene anadandaula za kugwiriridwa ndi nkhanza zina pantchito m'maesiteti. Kampaniyo sinavomere kuti inalakwa, zimenezo tinene. Koma nkhaniyi ikutionetsa kukula kwa mphamvu imene wolemba dzina pa tikiti amakhala nayo pa mayi wosaka ntchito ya miyezi inayi. Munthu wokhala pansi pa mphamvu yotere ndi amene tikumuuza kuti asayine kuti ayendetsa m'mawa wa ana ake mmene sukulu ikufunira.

Papepala amalemba kuti "makolo". Mawu okoma, osakondera. Koma ku Thyolo, kumene Alomwe ndi Amang'anja ambiri amatsata chikamwini, ana ndi a kwa mayi. Chikamwini chili ndi ubwino wake waukulu, tisachinyoze: mkazi amakhala pa nthaka ya kwawo, pakati pa abale ake, ndipo banja likatha sathamangitsidwa. Koma banja likathadi, bambo amanyamula chikwama chake n'kuona msewu. Ena ali ku Limbe, ena ku Mozambique, ena ku Joni, ena ali m'mudzi woyandikira momwemo ndi mkazi wina. Mthenga wa mfumu akafika pakhomo amapeza ndani? Mayi, kapena agogo aakazi amene akulera zidzukulu. Malume, mwinimbumba, amaoneka pa chinkhoswe ndi pamaliro. Pa tsiku la chindapusa, aaa, foni yawo siipezeka.

Izi si za Amalawi okha. Ku England, lamulo la 2003 linakhazikitsa mapangano olembedwa pakati pa makolo ndi sukulu kapena khonsolo, pa nkhani yomweyi ya kujomba ndi khalidwe. Kholo silikakamizidwa kusayina, koma likakana, khothi likhoza kudzaganizira kukanako nkhani ikafika kumeneko. Palinso chindapusa: kuyambira mu August 2024 ndi mapaundi 80, ndipo akapanda kulipira m'masiku 21 chimafika 160. Mu 2002 mayi wina wa ku Oxfordshire anagamulidwa kukakhala kundende masiku 60 chifukwa ana ake aakazi ankajomba. Ziwerengero za unduna wa zachilungamo kumeneko zakhala zikuonetsa kuti mwa anthu 10 aliwonse ozengedwa mlandu wa kujomba kwa ana, pafupifupi 7 ndi amayi. Dziko lolemera, makompyuta ali mbwee, koma mawu oti "kholo" akafika kukhothi amavala chitenje. Chimodzi chokha chimene tingatengeko kwa iwo ndi ichi: lamulo lawo limati panganolo likhale ndi mbali ziwiri, lonjezo la kholo, ndi lonjezo la sukulu kapena khonsolo kuti lipereka thandizo. Kwathu kuno mbali yachiwiriyo kawirikawiri imakhala pepala loyera.

Njira yolipitsa amayiyi tinaiona kale pa uchembere. Kuyambira 2012, nthawi ya Joyce Banda, pamene Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu inkatsogolera mafumu pa ntchito ya uchembere wabwino, midzi yambiri inakhazikitsa chindapusa kwa mayi wochirira pakhomo. Cholinga chinali chabwino, kupulumutsa miyoyo. Koma mayi amene wachirira panjira chifukwa chipatala chili kutali ndipo galimoto sinabwere, wolipira anali iyeyo. Amene sanakonze msewu sanalipire kanthu.

Ndipo nthawi zina zimapitirira muyezo. Mu 2016, ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay, ana a sukulu ina ya pulayimale anatengeredwa pamaso pa majisitireti chifukwa cha mimba, pamodzi ndi makolo awo. Analamulidwa kulipira K10,000 aliyense, ndipo olephera anatsekeredwa m'chitolokosi mpaka ndalama itapezeka. Tangoganizani, mtsikana woyembekezera, mwana, m'chitolokosi. Nkhaniyi inafika ku khothi lalikulu ku Mzuzu mothandizidwa ndi mabungwe a Youth Watch Society ndi Southern Africa Litigation Centre, ndipo mu March 2019 khothilo linati zimene zinachitikazo zinali zosemphana ndi malamulo. Kutenga mimba si mlandu m'malamulo a dziko lino. Ndipo lamulo limene mudzi wagwirizana pansi pa mtengo silisanduka lamulo loti apolisi ndi makhothi amangire munthu. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lili ndi ndondomeko yake: khonsolo ipange, nduna ivomereze. Chigamulo chimenechi mtsikana aliyense ayenera kuchidziwa, ndipo amayi athu kumudzi tiziwauza m'Chichewa chomveka.

Mawu enanso oti tiwasende ndi "khalidwe". Mukamva malamulo ambiri a m'midzi akuwerengedwa, khalidwe limene akulilondalonda ndi la mtsikana: utali wa siketi, kuyenda madzulo, kupezeka ku vidiyo kapena ku dansi, kucheza ndi anyamata. Zina ndi zomveka ndithu. Mwachitsanzo, mafumu amene analetsa kuti zinamwali zisamachitike nthawi ya sukulu anachita bwino. Koma khalidwe la bambo wamkulu wa njinga yamoto amene amadikira pa geti ya sukulu lili pa tsamba liti? Khalidwe la mphunzitsi amene amapereka mimba kwa mwana wa m'kalasi mwake, mawa n'kungosamutsidwira kusukulu ina? Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka ilipo kuyambira 1993, ndipo inakonzedwanso mu 2018. Koma akabwerera n'kumaimbidwa nyimbo ndi anzake, mphunzitsi n'kumamutcha "mayi" pamaso pa kalasi, amenewo ndi makhalidwe a ndani? Kholo lingasayine za mwana wake. Silingasayine za anthu onsewa.

Mwina wina muno akuti, asisi, ndiye mukufuna makolo angosiyidwa? Alipo makolo osalabadira, alipo okwatitsa mwana chifukwa cha thumba la chimanga, alipo otumiza mwana kumsika pomwe akanatha kupita okha. Zoona, alipo. Funso ndi lakuti chimagwira ntchito n'chiyani, ndipo mwamwayi yankho lina linafufuzidwa konkuno.

M'zaka za 2008 ndi 2009, m'boma la Zomba munachitika kafukufuku amene mpaka lero amatchulidwa padziko lonse. Anamuchita ndi Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler. Anatenga atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Mabanja ena ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi pa pangano: mtsikana apezeke kusukulu masiku 80 mwa 100 aliwonse, apo ayi mwezi umenewo palibe ndalama. Mabanja ena ankalandira ndalama zomwezo popanda pangano lililonse. Ena sankalandira kanthu, kuti pakhale poyerekezera. Ndalama zake zinali zochepa, madola 4 mpaka 10 kwa makolo, ndi dola 1 mpaka 5 m'manja mwa mtsikana mwini wake.

Zotsatira zake zimatiwawa mbali zonse. Pa nkhani ya sukulu, pangano linapambana. Atsikana a pangano anasiya sukulu ochepa, ankajomba mochepa, ndipo anachita bwinoko pa mayeso a kuwerenga Chingerezi. Ndiye amene amati pangano ndi lopanda ntchito, Zomba ikuwatsutsa. Koma pa nkhani ya ukwati ndi mimba zinatembenuka. Ndalama zopanda pangano zinachepetsa maukwati ndi 44 pa 100, mimba ndi 27 pa 100, pamene ndalama za pangano sizinasinthe kwenikweni zinthu ziwirizi. Chifukwa chake n'chimene tikufuna mupite nacho kunyumba. Kusiyana konseko kunachokera kwa atsikana amene anasiya sukulu. Wa pangano akagwa, ndalama zinkaduka nthawi yomweyo, n'kutsala alibe sukulu, alibe ndalama, ndipo chitseko chotseguka chinali cha ukwati. Wopanda pangano akagwa, kandalama kaja kankabwerabe, ndiye ankatha kukana mwamuna.

Mwamva? Pangano limathandiza amene ali pafupi kukwanitsa. Amene ali pansi penipeni, limamulanga pa tsiku limene akufunikira thandizo kwambiri. Ndipo kumbukirani kuti ku Zomba chilango chinali kungosalandira. Mwa ma by-law athu, chilango ndi kulandidwa chimene uli nacho kale.

Ofufuza omwewo atabwereranso patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya, anapeza kuti phindu lambiri la ndalama zopanda pangano lija linali litazilala. Ndiye tisanamizane kuti pulojekiti ya zaka ziwiri ingakonze ubwana wonse wa munthu. Ku Mexico, kumene njira yopereka ndalama pa pangano inatchuka kuyambira 1997 ndi pulogalamu ya Progresa, ndalama zinkaperekedwa m'manja mwa amayi. Zinathandiza. Koma katswiri wina, Maxine Molyneux, analemba mu 2006 kuti maboma apeza njira yogwiritsa ntchito nthawi ya amayi mwaulere: misonkhano ndi ya mayi, mzere wa kuchipatala ndi wa mayi, mlandu mwana akajomba ndi wa mayi, bambo osatchulidwa paliponse. Kwathu kuno taonani amene amaphika phala la kusukulu, kudzuka 4 koloko ndi nkhuni pamutu, popanda malipiro. Taonani amene ali mu Mother Group, kusoka mapadi ndi kuyenda khomo ndi khomo kusaka ana. Boma lakhala likusayinitsa amayi kalekale, kungoti silinalembe pepala.

Ku Thyolo kuli chinthu china chapadera. Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo pofika 2018 anali m'maboma onse 28. Kwa zaka zambiri, maboma enawo ndalama zake zinkachokera kwa abwenzi akunja, monga Germany, European Union, Ireland ndi World Bank. Boma limodzi lokha ndi limene linkalipiridwa kuchokera m'thumba la boma la Malawi: Thyolo. Ndiye ngati pali malo amene tingafunse boma lathu maso ndi maso kuti mbali yanu ya pangano ili pati, osaloza donala, ndi kumeneko. Mtukula Pakhomo alibe chilango cha kujomba, ali ndi kandalama kowonjezera pa mwana aliyense wa pasukulu, ndipo zimenezo tikuti zikhale choncho. Vuto ndi kukula kwa chitseko. Pulogalamuyi inapangidwira mabanja 10 mwa 100 aliwonse, osaukitsitsa komanso opanda munthu woti agwire ntchito, kapena amene wogwira ntchito mmodzi akusamalira anthu oposa atatu. Mayi wathu wa ana atatu uja ali ndi manja, ali ndi msana, akuthyola tiyi. Pa ndondomeko imeneyi akhoza kutsala kunja. Thandizo silikumudziwa, koma chindapusa chikudziwa pakhomo pake.

Ndiye ife tikuti chiyani? Tikuti ngati n'kusayina, tisayine tonse, papepala limodzi.

Boma lilembe pamenepo kuti mphunzitsi adzakhala m'kalasi. Cholinga chake lomwe ndi mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma pitani mu Sitandade 1 kapena 2 m'masukulu ambiri, ana oposa 100 akukanikizana pansi. Mwana amene wayenda ola lathunthu m'matope kuti akakhale kumbuyo kwa anzake 100, osamva kanthu, akanena kuti sakufunanso, si mwano wokha. Lilembe za chimbudzi chokhala ndi chitseko ndi madzi, chifukwa mtsikana amene wayamba kusamba sangafotokoze pabwalo la mfumu, pamaso pa azibambo, chifukwa chimene amajombera masiku angapo mwezi uliwonse. Lilembe kuti palibe mwana adzabwezedwe pa geti chifukwa cha yunifolomu kapena ndalama ya chitukuko. Tamva kangati kuti mwana yemweyo amene mfumu ikulipitsa mayi ake chifukwa chojomba, ndi amene anathamangitsidwa dzulo lake chifukwa sanabweretse ndalama ya lipoti? Ndipo lilembe chimene lidzachite likalephera. Mu March 2023 namondwe Freddy atawomba, sukulu zinatsekedwa m'maboma a kum'mwera, Thyolo ali momwemo, makalasi ambiri n'kusanduka misasa, milatho itapita ndi madzi. Mu 2020 sukulu zinatsekedwa miyezi yambiri chifukwa cha Covid-19, ndipo boma lomwe linawerenga mimba za atsikana pafupifupi 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Sitikuti boma linaitana namondwe kapena mliri. Tikungoti pamene boma lalephera chifukwa cha mavuto oposa mphamvu zake, aliyense amamvetsa, ndipo palibe analipitsa nduna mbuzi. Kumvetsa komweko tikukupempha kwa mayi wa ku Masambanjati amene mtsinje wadzaza pakati pa nyumba yake ndi sukulu.

Maesiteti nawonso asakhale alendo pamsonkhanowu. Ngati ntchito yawo ndi imene imachotsa amayi pakhomo kusanache, nkhani ya kumene mwana wamng'ono akhale masana ndi nkhani yawonso, kwa olembedwa kanthawi kochepa omwe. Bungwe la ogwira ntchito la PAWU ndi la eni tiyi la Tea Association of Malawi anasayinirana mgwirizano wawo woyamba wa malipiro mu 2016. Tebulo lilipo kale. Amayi a m'mabungwemo aikepo nkhani ya malo osungira ana ndi nthawi yoyambira ntchito kwa olera ana okha.

Za abambo sitikunyengerera. Dzina lawo lilembedwe, ngakhale banja linatha, ngakhale ali ku Johannesburg. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka udindo wolera kwa makolo onse awiri, ndipo mayi akhoza kupita ku khothi la majisitireti kukapempha chigamulo choti bambo azipereka chithandizo. Ofesi ya Social Welfare pa boma ndi Victim Support Unit kupolisi amathandiza kuyamba nkhani zotere. Ngati mfumu ili ndi mphamvu yotumiza mthenga kukatenga nkhuku ya mayi, ili nayonso mphamvu yotumiza mthenga yemweyo mudzi wachiwiri kumene bambo akukhala. Kachindamoto anaonetsa kuti mfumu ikhoza kuyang'ana m'mwamba polanga, osati pansi pokha.

Ndipo chindapusa chisakhale choyamba. Choyamba ndi funso: chavuta n'chiyani? Alifunse ndi amayi a Mother Group, m'nyumba, osati pabwalo, ndipo afunsidwe mtsikana mwini wake payekha. N'zodabwitsa kuti pangano lonseli likukamba za iye, koma iye ndi yekhayo amene safunsidwa kanthu. Mwina akuopa munthu wina panjira. Mwina akuopa munthu wina m'nyumba momwemo, ndipo pamenepo nambala ya 116 ndi yaulere. Kumene chindapusa chikutoleredwabe, tifunse kuti chimapita kuti. Mbuzi ija anadya ndani? Ndalama ija inalembedwa m'buku liti? Ngati siinagule kope kapena padi la mwana yemweyo, ndiye ndi msonkho wa umphawi basi.

Pomaliza tifike pa ife a m'tauni, chifukwa n'kosavuta kuyankhula za mafumu ndi maesiteti tili pa Facebook. M'nyumba zambiri ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Namiwawa, ku Area 25, muli kamtsikana kamene kamadzuka koyamba ndi kugona komaliza. Mukafunsa kwawo, kawirikawiri yankho ndi Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu. "Ndi mwana wa achemwali a kumudzi, tikungomuthandiza." Amakonzekeretsa ana a eni nyumba kupita kusukulu, iye n'kutsala ndi mbale. M'rejisitala ya sukulu ya kwawo dzina lake lili ndi mzere wa kujomba, ndipo amene aitanidwe kubwalo ndi mayi ake, osati madamu amene anatumiza thiransipoti pa Airtel Money. Lamulo la maphunziro lija silinati mwana akafika m'tauni sukulu yatha. Ngati m'nyumba mwanu, mwa aunt anu kapena mwa aneba muli mtsikana wotere, mufunseni kalasi imene analekezera. Sukulu ya boma ya m'dera lanu imalemba ana, ndipo kalata yosamutsira amapereka ndi ahedi a kumene anachokera.

Amene mukupita kumudzi pa holide ikubwerayi, pemphani kuona malamulo a sukulu a m'mudzi mwanu, olembedwa, osati ongomva. Muone amene anasayina, muone ngati pali mzere ngakhale umodzi wonena chimene sukulu kapena khonsolo idzachite, ndipo mufunse ngati anadutsa ku khonsolo. Mujambule, mutitumizire ku inbox mutabisa mayina a anthu. Tikufuna tiwaike pamodzi, boma ndi boma, tisanapemphe kukumana ndi makhansala.

Tiime kaye pamenepa. Asisi a kumbuyoko mwakweza dzanja kalekale, yambani ndinu.